Ulendo wanga wa ku Florence

Lolemba
Aphunzitsi athu a mbiri ya zojambula za ku Italy alengeza: ophunzira khumi apita ku Florence kukaona zenizeni ndi maso. Kuti asankhe opita, akufuna nkhani ya masamba asanu pofika Lachisanu. Ine ndiye ndapita kale! Pulani:
- tsamba limodzi patsiku
- foni izizima
- kuphunzirako moni wa Chitaliyana

Lachiwiri
Ndabwereka chibuku ku laibulale, kulemera ngati thumba la simenti. Ndachisiya pabalaza. Azakhali, amene akundisunga kunja kuno mumzinda wa Mississauga, atsegula pomwe pali chiboliboli cha mwamuna ali mbulanda. "Iwe, ndege yonse ija unakwerera matako a miyala?" Masamba olembedwa: ziro.

Lachitatu
Buku lasowa. Ndalipeza pamwamba pa firiji, atalikulunga m'chitenje. Nkhani yafika kale ku Ntcheu. Uthenga wa bambo: "Ife kuno timauza anthu kuti ukuphunzira unamwino. Tiziti chiyani tsopano?"

Lachinayi
Amayi anayi akutchalitchi abwera kudzandipempherera. Akuti ayambe aona mdani amene akulimbana naye. Tsamba ndi tsamba, magalasi pamphuno, ola lathunthu! Mmodzi, wa ku Chipata, akuusa moyo: "Koma anthuwa ankadya bwino." Pemphero lenilenilo mphindi ziwiri. Ndalemba mutu wokha.

Lachisanu
Ndikulemba pafoni m'basi, choimirira. Masamba atatu, awiriwo ndi zithunzi. Pansi pa fomu yofunsira ulendowu pali tizilembo ting'onoting'ono: aliyense adzipezere yekha viza pasanathe milungu iwiri. Mnzanga wa m'kalasi, wobadwira konkuno, akufunsa: "Viza ya chiyani? Si umangokwera ndege?" Ine pasipoti yanga ndi ya kwathu. Ndatumizabe.

Loweruka
Yankho labwera msanga kuposa ambulansi. Sindinasankhidwe. Koma aphunzitsi akuti "maganizo ako a ku Africa ndi chuma m'kalasi mwathu". Chuma chosiya pakhomo! Mnzanga uja wasankhidwa. Akundifunsa ngati ndili ndi sutikesi yaikulu yoti abwereke. Ndili nayo. Ndamuuza kuti ndilibe.

Lamulungu
Kutchalitchi ku Etobicoke azakhali aimirira kupereka umboni: Mulungu watseka njira ya mwana wa achimwene awo yopita kudziko la amaliseche. Nthungululu! Abusa andiitanira kutsogolo. Anthu onse akuwomba m'manja. Nanenso ndawomba nawo. Nanga nditani? Kiyi wa nyumba ali m'chikwama mwa azakhali, ndipo kunja kukuzizira.