Ulimbo M'chipewa

Pali nkhani zina zomwe munthu amaulula mano atatha m'kamwa, podziwa kuti omwe akadamuseka kwambiri adatsogola kale. Yanga ndi imeneyi. Ndinene poyambirira kuti palibe adandimenya kapena kundimanga, koma kukwapulidwa kukadakhala bwino kusiyana ndi zomwe ndidataya tsiku limenelo.

Ndidali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, nkhondo ya Ajeremani isadayambe. Kwathu ndi kumtunda kuno, pakati pa Bembeke ndi phiri la Dedza, komwe chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa. Ndidali nditatomera mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, dzina lake Filomina. Za kukongola kwake sindinena, poti nkhalamba iliyonse imati wake ndiye adali wokongola. Chomwe ndimachisowa mpaka lero ndi kaseka kake: ankayamba waluma mlomo kuti adziletse, kenaka n'kulephera, n'kuphulika mpaka misozi. Ndidali nditayamba kale kulimira amayi ake monga mkamwini woyembekezera. Chidatsala n'chakuti atsibweni ake, a Chagunda, avomere kuti ankhoswe akumane.

Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kupatuka, kuvula chipewa ngati wavala, n'kuima chilili mpaka mzunguyo adutse. Ukachedwa, amesenjala ake ankakuvula ndi ndodo, chipewa n'kukagwera kutchire. Iye chake sankavulira munthu, ngakhale wa imvi zoposa za agogo ake. Ambiri tinkangoti ndi mmene dziko lakhalira.

Yemwe sankatero adali a Kamwendo, bambo wa m'mudzi mwathu yemwe adagwirapo ukhukhi kwa azungu ku Kabula zaka zambiri. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankatiitanira kuseri kwa khola lawo, amuna ndi amayi omwe, n'kumatifunsa mafunso.

"Mwamva kutchalitchi kuja kuti Mulungu adaumba anthu angati poyamba?"

"Awiri," tinkayankha.

"Nanga mwa awiriwo, ndani ankavulira mnzake chipewa?"

Tikaseka, iwo ankapitiriza. "Ine azunguwa ndawaphikira, ndawachapira. Amatsegula m'mimba ngati ife tomwe, amalira maliro ngati ife tomwe. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu umapita n'kubwerera. Wongopita osabwerera, amenewo ndi mantha."

Mawu amenewo adandilowa, ndipo mpaka lero ndimati adali oona. Vuto silidali phunziro ayi. Vuto lidali wophunzira wake.

Pagulu lonselo zipewa zidalipo ziwiri zokha: cha a Kamwendo ndi changa, chomwe achimwene adanditumizira kuchokera ku Halale. Chidali chachikulupo pang'ono, koma ndinkachikonda kuposa nsapato zomwe ndidalibe. A Kamwendo ankati tisapupulume, tiyambe taphunzitsana mudzi ndi mudzi, poti mutu umodzi susenza denga. Koma Lamulungu lina Filomina adabwera nawo, n'kukhala kumbali ya amayi akusenda nyemba. Ndidangozindikira ndaimirira.

"Mzungu wa ku boma akadzadutsa, ine changachi sindidzavula!"

(Maso adali pa a Kamwendo, koma owerenga mwadziwa kale yemwe ndinkamuuza.)

"Chabwino, tiyese," adatero a Kamwendo. Adavala chipewa chawo, n'kutola ndodo, n'kuyamba kuyenda monyang'wa, mphuno ili m'mwamba. Atandiyandikira adakuwa kuti, "Iwe!" Liwulo lisadathe, chipewa changa chidali kale pachifuwa. Tidayesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndidapinda manja kumbuyo, koma dzanja lamanja lidapulumuka lokha ngati nkhuku yothawa m'dengu. Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Filomina adaluma mlomo, n'kulephera.

"Mwana wanga," adatero a Kamwendo, "mtima wako wamva, koma dzanja lako silidamve. Lipatse nthawi."

Nthawi ndiyo idalibe. Sabata yomweyo kudamveka kuti mzungu wa ku boma adutsa Lachinayi popita ku Mayani. Ndidaganiza, ndidaganiza, mpaka nzeru idabwera (nzeru zina zikamabwera ndi bwino kuzitsekera chitseko). Ngati wopereka mnzake ndi dzanja, ndiye kuti chipewa chiyenera kukana chokha. Kutsindwi kudali chigoba cha ulimbo womwe ndinkakolera mpheta. M'mawa wa Lachinayi ndidaufunditsa pamoto, n'kuupaka m'kati mwa chipewa kuzungulira konse, osaumira, kenaka n'kuchikanikiza pamutu. Sindidauze munthu. Paja safunsa adadya phula. Pofika kumsewu, chisanu chidali chitaumitsa ulimbowo gwa.

Anthu a gulu lathu adabisala m'mapesi, chapatali ndithu, pomwe akadatha kuona koma osaonedwa. Ine ndidaima m'mphepete mwa msewu ndekhandekha. Kenaka nyimbo ya onyamula machila a mzungu uja idayamba kumveka kumtunda. Patsogolo padali mesenjala wamtali, ndodo ili m'manja.

"Iwe! Chipewa!"

Apa ndipo pali chomwe sindidaululepo. Ndidavula. Kunena zoona, ndidayesetsa kuvula. Manja onse awiri adalumphira pachipewa, ndidakoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka zikope zidakwera m'mwamba, koma chipewa chidati kuno ndafika. Mesenjala adagwira mlomo wa chipewa n'kukoka, mutu wanga n'kutsatira. Adakokera kumanzere, ine kumanzere. Atasiya adayang'ana zala zake zomwe zidali zitamatirirana, n'kundiyang'ana ine.

"Ulimbo?" adafunsa chapansipansi.

Ndidagwedeza mutu, chipewa n'kugwedera nawo. Munthuyo adatseka pakamwa ndi mkono, mapewa akugwedezeka, n'kumapita. Machila adandidutsa pafupi kwambiri moti ndikadatha kuwakhudza. Mzungu yemwe ndidamukonzera zonsezi adali mtulo tofa nato, chipewa chake chitaphimba nkhope, mwendo umodzi uli lendelende. Sadandione n'komwe.

Koma a m'mapesi aja adaona zina. Adaona mnyamata atagwiritsa chipewa ndi manja awiri, mesenjala akukoka, n'kulephera, n'kuchoka ataphimba nkhope. Adatuluka akuthamanga, amayi akuimba nthungululu.

"Wakana! Mwana wa kwathu wakana!"

Apa mpomwe munthu wanzeru akadati, "Abale, taimani, ndi ulimbo." Ine ndidatupa ngati finye. Ndidafotokozanso mmene ndidamuyang'anira mzungu m'maso (munthu ali mtulo!), ndipo a Kamwendo okha ndiwo ankandiyang'ana mokaika.

Mbiri idatsogola, ndipo dzuwa litapendeka kudabwera uthenga woti a Chagunda akundifuna. Ndidanyamuka mtima ukudumpha, anzanga asanu ndi mmodzi akundiperekeza ngati mfumu. Ndidapeza a Chagunda atakhala pakhonde, amayi a Filomina atakhala pamphasa chapambali. Filomina adali pafupi ndi nkhokwe akupeta. Ndidanjuta chapatali monga ayenera mkamwini, n'kuwomba m'manja. Chipewa chili pamutu.

"Tamva zomwe mwachita kumsewu," adatero a Chagunda, nkhope ili yowala. "Mwatichotsa manyazi. Ndati ndisagone ndisadakuuzeni kuti atsibweni anu abwere tidzakambe. Koma pano si pamsewu, bambo, pano mpakhomo, ndipo apongozi anu ndi awa. Tatsitsani chipewacho."

Thukuta lidatuluka ngakhale kunkazizira. Kumbuyo kwanga kudali anzanga aja, omwe adali atangonditcha ngwazi. Kutsogolo kwanga kudali zonse zomwe ndinkazifuna pamoyo. Padangofunika liwu limodzi lokha loti ulimbo, lomwe ngakhale mesenjala ndidamuvomera. Koma pakamwa panga padatuluka zina.

"Pepani, chipewa ichi lero sichivulira munthu."

Lichero la Filomina lidaima. Amayi ake adadzuka, n'kukunga nsalu, n'kulowa m'nyumba osayang'ana m'mbuyo. 

"Ndiye kuti ife ndi mzungu uja ndife amodzi?" adafunsa a Chagunda mofatsa. "Uja adakulandani ulemu. Ife takulandani chiyani? Ife timati tikupatseni mwana." Adaloza ndi chibwano. "Khasu lanu lili pansi pa nkhokwe apo. Mulitenge."

Kuti nditenge khasulo ndidayenera kudutsa pafupi ndi Filomina. Adandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ndidawerama, ndidatola khasu, ndidapita.

Kunyumba achemwali anga adayesa madzi otentha, chipewa chidangonyowa. Adayesa mafuta a nsatsi, ndidangonunkha. Pomaliza adang'amba chipewacho pamwamba ndi mpeni, n'kumeta ndi lumo kuchokera m'kati, akutukwana pa tsitsi lililonse. Ndidatsala ndi mpala wa mabala okhaokha. Kwathu kuno munthu wamkulu akameta mpala chotero ndiye kuti wameta maliro, choncho sabata yonse aliyense wokumana nane ankapinda manja n'kufunsa kuti, "Pepani, kwagwanji? Mwataya ndani?" Ndinkati palibe, koma mumtima ndinkadziwa kuti funsolo silidalakwike kwenikweni.

Achemwali anga sadali osunga chinsinsi, ndipo pofika Lamulungu midzi itatu idali itamva za ulimbo. Kuseri kwa khola kuja a Kamwendo sadandiseke. Adangoti, "Timaphunzira kuti munthu aliyense ngolemekezeka. Mnzathuyu adamva kuti wolemekezeka ndi iye yekha." Misonkhano idapitirira, anthu adachulukanso, ine ndikukhala kumbuyo kwenikweni.

Mukufunsa kuti bwanji sindidapite kukapepesa? Ndidati ndidikire mabala apole. Atapola ndidati tsitsi limere kaye, ndisakaoneke ngati dzungu. Litamera ndidati anthu ayambe aiwala. Kenaka nkhondo idafika, adatitenga kukasenza katundu wa asilikali, ndipo pobwerera ndidamva kuti Filomina adakwatiwa ndi munthu wa kutsidya kwa Linthipe. Nanenso ndidakwatira, mkazi wabwino ndithu, Mulungu awuse mzimu wake. Koma sindinama: kulikonse komwe mkazi waseka mpaka misozi, ndakhala ndikutembenuka.

Ndidadzamuonanso pamsika wa ku Mayani, tonse tili ndi imvi ndi zidzukulu. Adali atakhala pansi akugulitsa nyemba. Ndidaima patsogolo pake chipewa chili m'manja.

"Kodi masiku ano chimavulika?" adatero asadandipatse n'komwe moni.

Tidaseka, tidafunsana za ana ndi za omwe adatisiya. Kenaka adati, "Mukudziwa, tsiku lija ine ndidauona. Pomwe munkawerama kutola khasu, ulimbo udali ukutsika kuseri kwa khutu."

"Ndiye bwanji simudanene?"

"Adayenera kunena ndinu. Atsibweni atamva adaseka mpaka kutsokomola. Ankati, akangobwera n'kudzanena yekha, nkhani yatha. Amayi adakusungirani ndime yanu osapatsa wina. Ine lumo ndidanola tsiku lomwelo, ndimati mubwera madzulo ndidzakumeteni ndekha."

"Mudadikira mpaka liti?" ndidafunsa.

"Mpaka tsitsi lanu litamera. Kenaka dzinja linanso."

Adanena zimenezi akupeta nyemba zake, osandiyang'ana. Mtima udandipweteka kuposa lumo la achemwali. Mukadayesa kuti zaka zonsezo zidandiphunzitsa kuti kulimba mtima kwenikweni ndi kunena chomwe chikukuchititsa manyazi. Ndidadziwa ndithu kuti nthawi yake ndi imeneyo, kuti ndinene pepani yemwe adachedwa moyo wonse. Pepaniyo adafika pakhosi, ndidatsegula pakamwa, Filomina adadzutsa mutu n'kudikira.

Ndidamufunsa ngati nyembazo zimapsa msanga.