Mazira mu Injini ya Chembere

Mpaka lero ndikamva fungo la dzira lokazinga mtima umandiwawa, ndipo munthu akatchula dzina la alamu anga a Gondwe ndimangodzuka n'kuchokapo.

Bambo pomwalira anandisiyira pikapu yakalekale, imene kwathu ku Chisemphere aliyense amaitchula kuti Chembere. Inayamba kunyamula mabelo a fodya ine ndisanabadwe, ndipo ndi yomwe inanyamula mayi pa tsiku la ukwati wawo (nkhani imeneyi bambo ankaibwereza mpaka kutitopetsa). Tsono mwana wanga Tiyanjane atapeza banja, ndinalumbira pamaso pa abale kuti nayenso adzachoka kutchalitchi pa Chembere. Palibe anandipempha. Ndinangodzichemerera ndekha.

Kutatsala milungu itatu, Chembere inayamba kumwa madzi ngati ng'ombe m'chilimwe. Ndinapita nayo kwa a Jafali, makaniko wa pa Boma. Anasuzumira, kugogoda ndi sipanala, n'kupukusa mutu.

"Bambo, buloko yang'ambika, thupi lenileni la injini. Mng'alu ndi uwu. Tipeze ina ku Lilongwe tiikemo."

"Ina? Titaye injini imene bambo anga anaigwira ndi manja awo?"

"Ndiye muziikonda ili chiimire," anatero akupukuta manja.

Ndinachoka nditafufuma ndi ukali. Kunyumba ndinapeza a Gondwe, mchimwene wa akazi anga, munthu amene chiyambire sanayendetsepo china choposa ngolo.

"Alamu, amakaniko a pa Boma amangofuna kukudyerani. Ife ku esiteti tinkangoswera dzira mu rediyeta. Likapsa limakamata pamng'alu, nkhani yatha."

Ndinaswera limodzi. Kudontha kunachepa (kapena ndi maso anga amene ankafuna kuti kuchepe). Patapita masiku awiri pansi panalinso chithaphwi. Ndinaswera ena atatu.

"Mwaiwala fodya," anatero a Gondwe. "Wopera bwino, manja awiri. Dzira palokha lilibe mphamvu."

Ine, bambo wa ana asanu, mkulu wa mpingo, ndinakhala pansi n'kupera fodya wanga wabwinobwino kuti galimoto ifwenkhe. M'mawa wa ukwati ndinawonjezera mazira awiri, poti zinthu zisalakwike.

Chembere inakongola tsiku limenelo, musanamizidwe. Maliboni, mabaluni, akwati atakhala pamipando kumbuyo, amayi akutitsatira ndi nthungululu. Titangodutsa pachigayo ndinamva kuthukuthu kutsogoloku. Ndinanamizira kusamva. Kenako phuu! Boneti inadzitsekula yokha, nthunzi ili tolotolo, thovu lofiirira likuwaza ngati mvula. Fungo lake linali ngati wina akukazinga mazira m'chigafa cha fodya. Anthu anabalalika, wina akutsokomola, wina akuyetsemula.

Nditatsika ndinaona diresi loyera la mwana wanga lili mathothomathotho, kachidutswa ka dzira katakakamira pa velo. Sanalire. Bola akanalira.

"Adadi, ndinakuuzani kuti tibwereke galimoto ya abusa," anatero motsitsa mawu.

Anakwinya diresi lake n'kukwera kabaza, mwamuna wake pa kabaza wina pambuyo. Ukwati wonse unandidutsa wapansi, ine nditagwira boneti. Apo ndi pomwe a Gondwe anatulukira, tayi ili pakhosi, osachita ngakhale manyazi.

"Alamu, mazira aja anali a nkhuku zachikuda?"

"Ndinagula kugolosale."

"Aaa! Ndiye pamenepo. Achizungu samata."

Akanapanda kundigwira akazi anga, bwenzi nkhani ino ndikulembera kundende.

A Jafali atabwera kudzaona Chembere anangonunkhiza n'kundifunsa ngati ndinathiramonso anyezi. Akuti tsopano ngakhale buloko yatsopano siikwanira, zapsa zambiri. Chithunzi cha ukwati chomwe Tiyanjane anapachika m'nyumba mwake ndi cha pa kabaza, ndipo ndikapitako amandikhazika moyang'anana nacho.

Chembere ili pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa. Nkhuku zapeza poikira pampando wa dalaivala. Ndimakwiya ndikaziona, komatu ndi zachikuda zenizeni. Dzulo ndinabisa mazira atatu.