Oyilo wa Lole m'Galimoto ya a Lufeyo

Mwambi uwu, ana anga, unayamba motere.

Kumapiri a ku Ntcheu kunali bambo wina dzina lake Lufeyo Kanyumbu. Anali munthu wabwino ndithu, woti akakupeza panjira ndi katundu ankakunyamula osafunsa kanthu. Vuto lake linali limodzi: phuma. Anakalamba akuyendetsa malole, ndipo atasiya ntchitoyo anagula kagalimoto kakang'ono ka otomatiki, kaja kosintha magiya kokha.

Akazi awo, a Enelesi, anali otopa, mwezi wawo uli pafupi. Anamwino anali atawauza kuti abwere msanga ku chidikiro cha pachipatala, poti kwawo kunali kutali, koma a Lufeyo anakana.

"Chidikiro n'cha anthu oyenda pansi. Ife tikangoliza injini tafika."

Ndiye amayi a Enelesi anabwera kudzakhala nawo pakhomopo. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso. Gogoyu akafuna kunena kanthu kwa a Lufeyo ankadzera mwa mwana wake, ngakhale onse atakhala pakhonde limodzi.

Tsiku lina gogoyu akusesa anaona madontho ofiira pomwe pankagona galimoto.

"Enelesi, uwauze bambo a kunowa kuti galimoto yawo ikukha magazi."

A Lufeyo anasuzumira pansi. Unali oyilo wa m'giyabokosi. Anamanga pomwe pankadonthapo, n'kuthamangira ku sitolo ya zitsulo zagalimoto pamsika. Wogulitsa anali mayi wina wofatsa, a Nasoko.

"Mayi, oyilo wa magiya, mwachangu."

"Galimoto yake iti, bambo?"

"Yanga."

A Nasoko anaseka pang'ono. "Ndikutanthauza mtundu wake. Za otomatikizi zili ndi oyilo wakewake, ndipo nazonso sizimwa wofanana. Pali wa ATF, pali wa CVT. Zimalembedwa pa kachitsulo koyezera oyilo kaja, kapena m'buku la galimoto. Tiyeni tikaonere limodzi, si patali."

Anali atatenga kale chitenje kuti atseke sitolo, awaperekeze. Taonani ulemu wake. Koma a Lufeyo anali atanyamula botolo limodzi n'kulipendeketsa.

"Aka kofiiraka? Madzimadzi chonchi, ngati zakumwa za ana? Mayi, ine ndakwera mapiri ndi matumba a feteleza. Oyilo ndi oyilo, koma wabwino ndi wolimba. Ndipatseni uja wa m'lole, wonanda ngati uchi."

"Bambo, ameneyo m'galimoto yanu sayenda. Njira zake m'katimo n'zing'onozing'ono."

"Mundichedwetsa."

Anagula wa lole uja. Atafika kunyumba anakhetsa wofiira yense wotsala, n'kuthira wonandayo mpaka kudzaza. Anapukuta m'manja, mtima uli mbee.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, matenda anayamba. A Enelesi anagwira chitseko, nkhope itasintha. Gogo anakulunga zitenje ndi beseni, onse awiri n'kukhala kumbuyo. Galimoto inalira bwinobwino, koma poti inyamuke inayamba yaganiza kaye, kenako n'kudumpha ngati chule.

"Enelesi, uwafunse ngati zili bwino."

"Uwauze kuti ikudzuka kumene," anatero a Lufeyo.

Njira inayamba ndi kutsetsereka, ndiye galimoto inathamanga ndithu. Kutsogolo kunali ngolo ya a Jekapu, mkulu wina wa m'mudzi womwewo, akupita ndi kabichi kumsika. A Lufeyo anaimba hutala mpaka ng'ombe zinadzidzimuka, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Pambali, achimwene! Mukafika mawa!"

A Jekapu anangokweza chipewa, fumbi lili kobo.

Tsono chipatala chisanafike pali chitunda chachitali, njira yake yokhotakhota, mbali imodzi phiri, mbali inayo phompho loti ukaponyamo mwala sumva pomwe wagwera. Atafika pakati pa chitundacho, injini inayamba kukuwa. Inakuwa ngati ikuthamanga liwiro la ndege, koma mitengo ya m'mbali inali ikuyenda pang'onopang'ono. Kenako mitengoyo inaima. M'galimoto munalowa fungo la chinthu chopserera.

A Enelesi anabuula, atafinya dzanja la amayi awo.

"Enelesi," gogo ananong'ona, "uwauze kuti mitengo yayamba kupita kutsogolo."

Inde, galimoto inali ikubwerera chambuyo. Pang'onopang'ono, timiyala tikulira pansi pa matayala, kulunjika pokhota paja pali phompho. A Lufeyo mutu unaima. Dzanja linkafufuza giya yoti asinthe, phazi lamanzere linkaponda pansi kufuna kilatchi yomwe munalibe, lamanja lili pa moto. Injini inkangokuwa. Enelesi sakanatha kupereka uthenga wa munthu aliyense, anali atatseka maso akuitana Mulungu wake.

Gogo anacheuka, naona kuti kumbuyo kulibenso msewu, kuli thambo lokha. Pamenepo mwambo unatha.

"Lufeyo! Ponda buleki, mwana iwe!"

Chikwatirireni, a Lufeyo anali asanamvepo dzina lawo pakamwa pa apongozi. Mantha a dzinalo anaposa a phompho. Anaponda buleki ndi mapazi onse awiri, galimoto n'kuima, tayala lakumbuyo litatsala pang'ono kupsompsona udzu wa m'mphepete.

Gogo anatsika mwakachetechete, natola miyala n'kuika kumatayala. Anatulutsa mwana wake n'kumukhazika pachitenje pamthunzi. Msewu wonse unali wopanda galimoto, ndipo zowawa zinkabwera motsatizana tsopano. A Lufeyo anatsegula boneti n'kumayang'anamo, monga amachitira abambo akasowa chochita.

Ndiye anamva kulira kwa mabelu a ng'ombe. Ngolo ija inatulukira pokhota, ikukwera mwa kayendedwe kake komwe kaja.

A Jekapu sananene za hutala, kapena za fumbi. Anangoona mayi ali pansi, n'kuyamba kutsitsa kabichi wawo kumuunjika m'mbali mwa msewu. Anayala udzu ndi jekete lawo m'ngolomo.

"Kwezani amayiwa bwinobwino. Inu a Kanyumbu, tsalani muziyang'anira galimoto. Ndi kabichi yemwe, mbuzi za kuno n'zosaleredwa."

Ngolo inanyamuka, gogo atagwira ambulera pamwamba pa mwana wake. A Lufeyo anatsala pakati pa galimoto yakufa ndi mulu wa kabichi, akumva kubuula kwa akazi awo kukuchepera kuseri kwa phiri. Sanadziwe ngati adzawaonanso. Anakhala pamwala, munthu wamkulu, n'kulira.

Dzuwa litapendeka mtima unawakanika. Anapempha mayi wina wa nyumba yapafupi kuti aone katunduyo, iwo n'kuuyamba wapansi. Anafika pachipatala thukuta lili kamukamu, oyilo wa lole ali m'malaya. Pakhomo anapeza ng'ombe za a Jekapu zikudya udzu, mwini wake akuwodzera pansi pa mtengo.

Namwino anatuluka. "Ndinu bambo ake? Achira. Mwana wamkazi. Akanachedwa pang'ono pokha zikanachitikira panjira, ndipo mwanayu anabwera movuta."

Anawalowetsa. A Enelesi anali chigonere, ofooka koma akumwetulira. Pambali panakhala gogo, kakhanda kali m'manja. Ataona mkamwini wake anakokera mpango kumaso, poti mwambo unali utabwerera m'malo mwake. Anayang'ana Enelesi, naona kuti watopa, sangatumidwe. Ndiye anaweramira kakhanda kaja, nakakonza kansalu pachibwano, n'kunena motsitsa mawu koma momveka chipinda chonse:

"Iwe wafika ndi ngolowe, uwauze bambo akowo kuti kuthamanga sikufika."