Dzanja la Ba Tenson ndi Nkhono Yawo Doris

Ba Tenson Sakala sankayamba moni ndi pakamwa. Ankayamba ndi dzanja. Mukakumana nawo pa msewu wa ku Palabana, ankakweza chikhatho n'kuchidutsitsa pang'onopang'ono pamwamba pa nkhope yanu, kuti mthunzi ugwere m'maso. Mukaphethira msanga ankati, "Mukali moyo." Mukachedwa ankapukusa mutu: "Uzani abale." Ine ndinali neba wawo, ndipo imfa yanga anailengeza kasanu ndi kawiri.

Khalidweli analiphunzira kwa nkhono. Mwana wawo Calvin, woyendetsa mathiraki a ku Dar es Salaam, anawabweretsera nkhono ya m'nyanja yamchere, ya zigoba ziwiri, yaikulu ngati beseni laling'ono, ya milomo yabuluu yotambalala. Ba Tenson, munthu wokama ng'ombe moyo wake wonse, anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zamkaka n'kugula thanki yagalasi, matumba a mchere, getsi lowala kwambiri ndi batire yaikulu. Nkhonoyo anaitcha Doris. Akazi awo, Ba Rosaria, ankaitcha "mkazi mnzanga".

"Aneba, iyi chakudya chake ni laiti," anandiuza. "Ukapitisa dzanja pamwamba, ngati ili bwino itseka pamene apo. Ikachedwa, idwala. Ikayasama monga imwe mu tchalitchi, yayenda."

Kuyambira pamenepo tonse tinasanduka nkhono. Katekisiti wathu, Ba Matthias, anawodzera kukamwa kuli yasa pa msonkhano wa tchalitchi. Dzanja linadutsa, iwo osagwedezeka.

"Akatekisiti ayasama," anatero Ba Tenson mokweza. "Achotseni mu thanki asanaononge madzi."

Purity, mwana wa Ba Ezra, anabwera kuchokera ku Lusaka kudzaonetsa mwamuna, nkhope itayera ndi mafuta odzola. Ba Tenson anamuyang'ana pamaso pa apongozi onse.

"Kuyera kotere nikudziwa. Ni matenda. Milomo ili bwino, koma mtundu wachoka. Muyang'ane pansi pake ngati mulibe tizilombo."

Mtsikanayo analira. Ba Tenson anadya nkhuku ya pa mwambowo mpaka kutafuna mafupa.

Kenaka chinafika chaka cha chilala, magetsi akuzima tsiku lonse. Ba Tenson ankayenda mutu uli m'mwamba, poti Doris anali ndi batire yakeyake. Koma Doris anayamba kuyera. Buluu uja anasanduka ngati mkaka wothira madzi, ndipo dzanja likadutsa ankatseka mwaulesi.

Apa ndiye udokotala unayamba. Ba Tenson anamutembenuza kufunafuna tinkhono ting'onoting'ono tonga mpunga timene timayamwa zinzake, n'kumukwecha ndi mswachi wa akazi awo. Sanapeze kanthu. Ataona milomo yafwinyata, anamuviika m'madzi opanda mchere theka la ola, iwo atagwada pambali ndi kolona. Anayeza mchere m'mawa ndi madzulo. Anatsekera kansomba kena ka m'thankimo m'chigubu pokaganizira kuti kamamuluma. Pomaliza anandiletsa ine kulowa m'nyumba, ati maso anga ndi olemera.

Ndili pakhomo ndinamva Ba Rosaria akuti, "Atate a Calvin, miyendo yanga yatupa sabata yachitatu. Niyang'aneniko naine."

"Iwe ukamba, ndiye kuti uli moyo. Doris sakamba."

"Pitisani chabe dzanja, monga mumachitira anthu a mu msewu."

"Choka pa laiti, umuchinga."

Matenda a Doris ndinkawadziwa ndine. M'mawa uliwonse Ba Tenson ankakwera njinga kupita ku Silverest kukagula madzi osefa a m'thanki, ndipo pobwera ankaima paliponse kuyeza anthu. Akangokhota pa ngodya, Ba Rosaria ankazula waya wa getsi la Doris n'kulumikiza firiji ku batire. Chichokereni ng'ombe zija, nyumba ija inkadya ndi maaisi buloko amene mayiwo ankagulitsa pa geti la sukulu. Doris ankakhala mu mdima mpaka belu la njinga limveke.

Tsiku lina maso anga ndi a Ba Rosaria anakumana pa windo, waya uli m'manja mwawo.

"Mwaona chani, aneba?"

"Palibe."

"Tengani yofiira. Ni yozizira bwino."

Ndinatenga. Inalidi yozizira.

Doris anayasama Lachinayi lina. Ba Tenson anadutsitsa dzanja masiku atatu, fungo litafika kale ku mpanda wanga. Ankati akupumula. Tsiku lachinayi Ba Rosaria anamunyamula pa fosholo. Chigoba chimodzi anatsukatsuka n'kuchiika pabwalo, nkhuku zizimweramo.

Doris atapita, Ba Tenson anakhala ndi moyo miyezi isanu yokha. Ankakhala pa mpando moyang'anizana ndi thanki youma, akuwerenga pa zala matenda onse amene anayeza, kufuna limodzi limene analiphonya. Anandifunsa kawiri ngati ndinaonapo kanthu. Ndinati ndine munthu wa maso olemera, sindiona patali. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanawauza. Koma akanatani nazo? Akanangodziwa kuti matenda anali m'khitchini, ndipo kumeneko sankayang'anako.

Masiku ano msewu wa ku Palabana ndi wa mtendere. Akatekisiti amawodzera momasuka. Purity amabwera ndi ana awiri, woyera kuposa kale. Tonse timayenda osaphethira, ndipo palibe amene amatiuza ngati tikali moyo. Ine ndimangoganizira.

Dzanja lija ndinaliona komaliza pa maliro a Ba Tenson, koma silinali lawo. Pa nthawi yoona nkhope, Ba Rosaria anafika pa bokosi akukoka miyendo yawo yotupa, azimayi awiri atawagwirira. Tinkadikira kulira. Iwo anamasula mkono umodzi, nakweza chikhatho, n'kuchidutsitsa pang'onopang'ono pamwamba pa nkhope ya amuna awo. Mthunzi unagwera m'maso. Anadikira. Anadutsitsanso kachiwiri, mofatsa, ngati munthu amene sakufuna kulakwitsa.

Kwaya inali itasiya kuimba.

"Ayenda," anatero Ba Rosaria. Kenaka anawerama pang'ono, nanena motsitsa, koma ine ndinali pafupi. "Mwaona, atate a Calvin? Sichitenga nthawi kuyang'ana munthu."