Tsiku Limene Ndinakhazika Pansi Khoti

Mpaka lero ndikamadutsa pa khoti la pa Boma, ndimayang'ana kumbali ngati ndikuonera minibasi.

Azakhali anga a NyaGondwe, a ku Uliwa, ankalimbirana dimba la mpunga ndi mwamuna wina wa m'mudzi mwawo, ndipo mboni yawo ndinali ine ndekha. M'minibasi monse ankandiphunzitsa, akusakaniza ndi Chitumbuka chawo. "Majisitireti akalowa, wimilira. Akakufunsa, yankha. Vinyake yayi."

Ndinavomera kuti kupatula zimenezo sindichita china chilichonse. Titafika m'khoti, tinakhala pa benchi. Majisitireti anachedwa, ndipo kutentha kwa Karonga mukukudziwa. Pakhoma panali chithunzi cha Pulezidenti. Ndinachiyang'ana, nachonso chinandiyang'ana, kenaka ndinaona kuti jekete lake likhoza kundikwana (ndine munthu wolota maso ali gwa, aphunzitsi anga anatopa nane kalekale).

Posakhalitsa ndinali nditalumbiritsidwa. Galimoto zakuda zinkayandama pa M1 mopanda phokoso, ng'ombe zikupatuka mwaulemu. Ndinasankha nduna. Azakhali ndinawapatsa Unduna wa Mpunga. Mphepo yozizira inkachokera sindikudziwa kuti, ndipo ndinalowa m'Nyumba ya Malamulo pang'onopang'ono, mtima uli myaa. Aphungu onse anaimirira. Ndinamva ndithu mabenchi akugwedezeka.

Zinandikhudza. Ndinakweza dzanja, osadzuka, n'kunena mokweza ndi mwachikondi, "Khalani pansi, anthu anga."

Ndipo ena anakhaladi! Chondipweteka kwambiri n'chimenecho.

Nditadzidzimuka, majisitireti, mayi wa magalasi, anali atalowa, ali chiimire pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo, ndinu ndani m'bwalo lino?"

"Mboni, bwana."

"Ndimayesa mwina ndalowa mu ofesi yanu."

Azakhali ananditsina m'nthiti, akuganiza kuti ndapenga. "Iwe, wafuntha?"

Majisitireti anandiuza kuti kumeneko n'kunyoza khoti, ndipo ndithokoze kuti sakunditsekera. Wapolisi ananditulutsa kuti ndikazizire mutu pansi pa mtengo wa mango. Popanda mboni, mlandu anauimitsa mpaka tsiku lina. Tsiku linalo lisanafike mvula inagwa, ndipo mwamuna uja anadzala dimba lonse. Ndinachita manyazi osaneneka.

Mlandu tinadzawina, koma mpunga wa chaka chimenecho anadya ndi iyeyo. Azakhali sanandikalipire ngakhale kamodzi. Kungoti ndikafika kwawo amaimirira, manja kumbuyo, ndipo sakhala mpaka nditawauza ndekha kuti akhale pansi.