Ndi Mankhwala Chabe

Kuchipongozi kwa mdzukulu wanga mpaka lero amanditchula kuti a Chiphaniphani. Ndikufuna zidziwike kuti cholakwa sichinali changa ndekha.

M'mawa wa tsiku la ukwati wake, kachitsotso kanandigwera m'diso. Woyankhulira banja lathu ndinali ine, choncho ndinayamba ndadzera kuchipatala pa boma la Chongwe, nditavaliratu malaya oyera ndi jekete.

Namwino anatenga kapepala kowonda kansonga yachikasu n'kukakhudzitsa m'chikope changa. Kenako anazimitsa getsi n'kuyatsa katochi kabuluu.

"Aka kamankhwala kakauma kamagona, ba shikulu," anatero, kunditchula agogo m'Chibemba. "Kakakumana na misozi kamawala mu nyale ya buluu, ndiye tiona pamene diso yakalika."

Pokalikapo anapaona, anandipatsa mankhwala odontheza, n'kufuna kutaya kapepalako.

"Mayi, pepala limene lakhudza thupi langa ndi langa."

"Ni zinyalala izi, ba shikulu!"

"Nipaseni."

(Ndimasunga khadi la kusikelo la mwana wanga aliyense, ngakhale amene ali ndi imvi tsopano.) Anandipatsa osandichenjeza kalikonse, ndipo mlandu wake uli pamenepo. Ndinakaika m'thumba la malaya.

Mu minibasi yopita ku Silverest, kumene kunali madyerero a ukwati, munatentha ngati mu uvuni. Thukuta linagwira ntchito ya misozi, ine osadziwa, poti jekete inabisa zonse.

Kumadyerero, nthawi yanga itakwana, ndinavula jekete kuti ndiyankhule momasuka. Woimba nyimbo, pofuna kundilemekeza, anazimitsa magetsi n'kuyatsa nyale zake zabuluu. Chifuwa changa chinayaka mobiriwira, kuyambira pathumba mpaka pamchombo.

"Mayo! Mtima wa ba shikulu wayaka!" anakuwa azakhali a mkwati.

Ndinaweramira pa maikolofoni n'kunena modekha: "Musaope. Ndi mankhwala chabe."

Kenako azakhali aja anayambitsa pemphero lothamangitsa ziwanda, amayi a mkwati anakokera mwana wawo kutali ndi wathu, ndipo mdzukulu wanga analirira m'velo. Mawu amene ndinakonza anathera m'jekete. Anachita kulowererapo abusa kuti keke idulidwe, koma ine sanandipatseko.

M'mawa mwake ndinakonzeka kupita ndi malayawo kuchipongozi, kenako kwa namwino uja. Ndinawapeza ali pachingwe, oyera mbee. Mayi akunyumba anali atawachapa, kapepala kali m'thumba momwemo.

"Bwanji simuthokoza?" anandifunsa.

Ndithokoze chiyani? Umboni wanga wonse anali atauthira kumaluwa pamodzi ndi madzi ochapira.