Chitamilu cha ku Chilobwe

Lolemba

Chitsegulire m'mawa ndameta mitu iwiri yokha, wina wadazi kale. Makasitomala onse athawira ku babashopu yatsopano ya kutsidya kwa msewu, kuli TV yaikulu ngati chitseko. A Nachisale, akazi anga, akuti zikapitirira chonchi tilongedze, tikalime kwawo ku Nsanje. Ine ndi kutentha kuja? Ayi ndithu.

Koma nzeru yabwera! Msuweni wanga wandiikira pa fulashi filimu yatsopano ya ku India, ya chilankhulo cha Chitamilu, ya nkhonya zokhazokha, yoti palibe anaimasulirapo m'Chichewa. Ndiimasulira ndine. Loweruka masana tiionetsa muno, ulere, Chilobwe yense akumbuke pometera.

Mwini filimu ndi bambo wathupi lake, ndevu za pansi pa mphuno ngati burashi yopolishira nsapato. Akamenya munthu mmodzi, amauluka ndi anzake omwe, nthawi zina ndi galimoto yomwe.

Zofunika:
foni yojambulira mawu (ilipo)
sipika (ya kwaya, ndikabwereka)
mawu a mkazi (a Nachisale, sanadziwebe)
mawu a mkulu wa zigawenga
Chitamilu

Chomalizachi ndiye chavuta pang'ono. Filimuyi ilibe ndi timawu ta Chingerezi ta m'munsi tomwe.

Lachiwiri

Ku Limbe, shopu ndi shopu, kufuna womva Chitamilu. Bambo wa shopu ya nsalu andiseka: "Achimwene, ine ndinabadwira pa Limbe pompano. Kunyumba timalankhula Chigujarati. Ine ndi Chitamilu zili ngati inu ndi Chitchaina." Nanga ine ndimayesa ku India chilankhulo n'chimodzi!

Andilozera kwa a Selvam, okonza makina osindikizira mabuku, kuseri kwa msika. Ndangowaonetsa chithunzi cha mwini filimu pa foni, munthu wamkulu wadumpha! Akuti kwawo filimuyi itatuluka, anthu anavina mumsewu ndi ng'oma, ena kukwera makwerero kukathira mkaka pa chikwangwani cha mwini filimu. Mkaka weniweni, wa tiyi!

Tsoka ilo, mawa akupita ku Lilongwe, abwerako Loweruka. "Ndidzabwera kuonera, ndi mkazi wanga." Andiphunzitsa liwu limodzi: vanakamu, ndiye kuti moni.

Basi, zinazo ndimasulira ndi maso. Chikondi ndi nkhonya sizifuna dikishonale.

Lachitatu

Nkhani ndaimvetsa. Mwini filimu ali ndi chibwenzi. Amamukweza pa njinga yamoto, kumugulira zibangili, ndipo aliyense womuyang'ana kawiri amathyoledwa mkono. Chikondi chenicheni.

Tikujambula mawu kuchipinda, zenera lotseka. A Nachisale avomera atandiyang'ana nthawi yaitali. Pamene mtsikana ayenera kunena kuti "Ndimakukondani," iwo akuti: "Denga lija mukonza liti?" Tibwereze! "Ndimakukondani, koma denga likudontha." Ndazisiya choncho. Nkhope ya mtsikanayo ikugwirizana nazo.

Olowa m'foni osaitanidwa: tambala wa aneba, chigayo, ndi mayi wogulitsa masamba amene wakuwa kuti "Mpiruuu!" pomwe mwini filimu akulira pamanda.

Lachinayi

Mkulu wa zigawenga wapezeka: a Likoswe, mkulu wa mpingo kwathu, oimba besi mu kwaya. Mawu ngati bingu la pa phiri la Soche. Ndi iwonso osunga sipika, ndiye kuwakana sikukanatheka.

Vuto ndi loti sakufuna kuchimwa. Chigawenga chasolola chikwanje, mawu ake ndi oti "Lero ufa!" A Likoswe: "Ulape, mwana wanga, nthawi yatha." Chikuwombera mfuti: "Ndikukupempherera." Mowa umene chikumwa akuti tiutchule thobwa. Thobwa woonekera mkati, wothira madzi oundana!

Magetsi azima masana. Filimuyi ndi yaitali ngati ulendo wa ku Nsanje, ndipo ife sitinatsike n'komwe mapiri a ku Chikwawa.

Lachisanu

Ndaionera mpaka kumapeto, koyamba. Kalanga ine! Mtsikana uja akukwatiwa ndi mwamuna wina, wamagalasi, ndipo mwini filimu akuvina paukwatipo, ndiyenso akugawira alendo mpunga! A Nachisale: "Mukanayamba mwaonera yonse." Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Pomasulira ndingonena kuti wamagalasiyo anamudyetsa mankhwala mwini filimu.

Mawu tinajambula aja sakuyendera limodzi ndi zithunzi. Nkhonya ikagwa, "Mayo!" akubwera munthu atamunyamula kale. Mawa tingolankhula pompopompo pa maiki.

Ndikuyeserera kubangula kwa mwini filimu uku ndikumeta, makina apitirira. Kasitomala watsala ndi nsidze imodzi. Ndamulonjeza mpando wakutsogolo.

Kukhosi kwayamba kukanda.

Loweruka

Babashopu yadzaza! Ena ali pazenera, ena aima pa mabenchi kunja. A Selvam afika ndi akazi awo, mayiwo atavala nsalu yachikasu yonyezimira. Ndati "Vanakamu!" anthu aomba m'manja. Ulemerero wanga wathera pomwepo.

Nyimbo yoyamba isanathe mawu anga asasa. Mwini filimu akubangula, ine ndikulira ngati mphaka wachimfine. Ndalimbikirabe mpaka pa njinga yamoto paja: "Wokondedwa wanga, chaka chino ndikukwatira." Ndikuona a Selvam akunong'oneza akazi awo, mayiwo agwira pakamwa. Kenako a Selvam aimirira:

"Achimwene, imitsani! Ameneyo mlongo wake! Mayi mmodzi, bambo mmodzi!"

Chiphokoso chake! Wina wagwa pa benchi ndi phwete. Wa nsidze imodzi uja akukuwa kuti "Malaulo!" A Likoswe atola chipewa chawo: "Mwandilowetsa m'zotani?" Mwayi wake sipika aiiwala.

A Nachisale andilanda maiki. A Selvam akufotokoza m'Chichewa chawo chothyokathyoka, iwo akuwongola n'kuthira nsinjiro. Mwini filimu, mlongo wake, apolisi, zigawenga, onse akutuluka pakamwa pamodzi. Chigawenga chikapsa mtima chikumalankhula Chisena, ndipo a ku Chigwa cha Shire amene ali pazenera akuchiyankha. Pofika paukwati anthu misozi mbwembwembwe, akazi a Selvam omwe, akuti akumbuka achimwene awo kumudzi.

Ntchito yanga: kugwira waya wa sipika kuti usasololoke. Mkono wachita dzanzi.

Ometedwa lero: palibe.

Lamulungu

Kutchalitchi a Likoswe andipatsa moni wa nsonga za zala. A kwaya ayamba kale kuwatchula kuti a Ulape. Potuluka anthu andizungulira, ine n'kuwongola kolala, kenako funso: "Mayi aja aonetsanso liti?"

A Selvam atumiza uthenga. Ali ndi filimu ina, ya wapolisi wolusa, ndipo akazi awo akufuna kudzaphika zokazinga za kwawo. A Nachisale agawa kale mbali: anthu onse atenga iwo, a Likoswe akawanyengerera okha. Ine andipatsa galu wa wapolisiyo.

Ndamwa madzi otentha a mandimu. Ndayesa kuuwa kuseri kwa nyumba, galu wa aneba wayankha, ndiye sizoipa kwenikweni.

Ndafunsa a Selvam ngati galuyo amafika kumapeto kwa filimu. Akuti ayi.